Sitima ya Pathabwa: Luso Losanja Mabogi pa Malo Ochepa

Anthu ambiri akamva za sitima ya pamtunda amaganiza za kulira kwake, liwiro lake ndi mndandanda wautali wa mabogi ukukwawa m'chigwa ngati bongololo. Ndi ochepa amene amadzifunsa kuti kodi mabogiwo anawasanja ndani, nanga n'chifukwa chiyani la feteleza lili pafupi ndi mutu pamene la mafuta lili kumchira. Chikhalirecho, sitima isananyamuke pamakhala ntchito ina yosatchuka, imene anthu a njanji amaitcha shunting. Mutu wa sitima umapita kutsogolo n'kubwerera m'mbuyo, kutola bogi apa n'kukalitula apo, kufikira lililonse litakhala pamalo oyenera ulendo wake. Lero tikufuna kuti ntchito imeneyi tiichepetse mpaka ikwane pathabwa limodzi loti munthu n'kuliika patebulo.

Ku Britain, ku Germany, ku America ndi maiko ena kuli anthu, akuluakulu ndi ana omwe, amene nthawi yawo yopuma imathera pa kumanga zifanizo za njanji zokhala ndi tisitima toyenda ndi magetsi. Ena amadzaza chipinda chonse ndi mapiri, milatho ndi masiteshoni, zinthu zimene zimadya ndalama zankhaninkhani. Ife sitikamba za zimenezo. Tikamba za kanjanji kochepetsetsa, koimira pakhomo pa fakitale, kamene mphunzitsi kapena wachinyamata amene wangomaliza kumene sukulu angathe kukamanga n'kukatsiriza. Mfundo yathu ndi imodzi: pa kanjanji kotere kuchepa kwa malo si chilema ai, koma ndiye mphunzitsi weniweni, pakuti pamene malo achepa m'pamene mutu umayamba kugwira ntchito.

AMISIRI AWIRI

Maina awiri ndiwo amatchulidwa kawirikawiri pa nkhani imeneyi. Woyamba ndi John Allen wa ku Monterey, m'chigawo cha California ku America, amene anatchuka kaamba ka njanji yake yaikulu yapanyumba yotchedwa Gorre & Daphetid. Iyeyu anakonzanso kamasewera kosanja mabogi kotchedwa Timesaver, ndipo nkhani yake inatuluka m'magazini ya Model Railroader m'chaka cha 1972. Allen anamwalira mu Januwale 1973, ndipo patangopita masiku owerengeka moto unaononga njanji yake yaikulu ija. Koma kamasewera kakang'ono kaja anthu akukamangabe mpaka lero.

Wachiwiri ndi Alan Wright wa ku England, amene anabadwa mu 1928 ndi kumwalira mu 2005. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 iye anaonetsa kanjanji kamene anakatcha Inglenook Sidings, potengera malo enieni otchedwa Kilham, pa njanji ya pakati pa Alnwick ndi Cornhill kumpoto kwa England. Thabwa lake linali pafupifupi masentimita 120 m'litali ndi 30 m'lifupi basi.

Kusiyana kwa njira ziwirizi kuyenera kumveka bwino. Mutu wa sitima umalowetsa bogi m'njanji yotsekeka kumapeto mwa kulikankha, chifukwa ukalowa uli patsogolo udzitsekera wokha m'kati. Pa Timesaver njanji zina zimaloza uku, zina uko, motero mutu umafunika njira yozungulira kuti ukalipeze bogi mbali inayo. N'chifukwa chake pamafunika mphambano zambiri. Pa Inglenook njanji zonse zimaloza mbali imodzi, ndipo mphambano ziwiri zokha n'zokwanira. Popeza mphambano ndizo zimakwera mtengo, woyamba kumene achita bwino kutsata Wright.

MTENGO WA NTHAMBI ZITATU

Kuti tione kamangidwe kake, tiyerekeze mtengo wogona pansi. Uli ndi tsinde limodzi ndi nthambi zitatu. Tsinde ndiyo njanji imene mutu wa sitima umayendamo. Pa mphambano yoyamba njanji imagawika pawiri, ndipo pa mphambano yachiwiri imodzi mwa ziwirizo imagawikanso, kotero kuti nthambi zimakwana zitatu. Nthambi yaitali imalandira mabogi 5, ziwiri zotsalazo mabogi 3 iliyonse. Tsinde limalandira mutu wa sitima ndi mabogi 3, osapitirira.

Malamulo a masewerawa ndi ofupika. Mabogi onse ndi 8, ndipo amaikidwa m'nthambimo mwachisawawa. Bogi lililonse lili ndi chizindikiro chake, tinene kuti nambala yolembedwanso pa chitsekerero cha botolo. Zitsekerero zonse 8 muziponye m'kapu, kenaka mutulutse 5 chimodzichimodzi osayang'ana. Mabogi asanu amenewo ndiwo sitima yanu, ndipo muwasanje m'nthambi yaitali mwa dongosolo limene zitsekerero zatulukira. Kunyamula bogi ndi dzanja n'koletsedwa. Lililonse liyende ndi mutu wa sitima.

Poyamba munthu amaona ngati n'zachibwana. Koma taganizani: malo onse m'nthambi ndi 11, mabogi ndi 8, motero malo opanda kanthu ndi atatu okha. Bogi limene mukulifuna poyamba likhoza kukhala kumapeto kwenikweni kwa nthambi, anzake atalitsekereza. Kuti mulipeze muyenera kuchotsa otsekerezawo, koma tsinde silinyamula oposa atatu, ndipo kumene mukawasiye mwina mukatsekereza lina limene mudzalifuna posachedwa. Wodziwa bawo amvetsa msanga: katswiri satapa nkhomo asanawerenge kumene zikathere. Pano n'chimodzimodzi. Woyendetsa mosaganiza amangopita ndi kubwerera, osaona mapeto.

Nanga masewerawa satha kukoma? Tiyeni tiwerengere limodzi. Bogi loyamba likhoza kukhala lililonse mwa 8, lachiwiri mwa 7 otsala, lachitatu mwa 6, lachinayi mwa 5, lachisanu mwa 4. Tikachulukitsa 8 ndi 7 ndi 6 ndi 5 ndi 4 tipeza 6,720. Munthu wosanja sitima imodzi tsiku lililonse angathe zaka zoposa 18 asanazimalize zonse. Aphunzitsi a masamu aona kale kuti phunziro lovuta lija la kasanjidwe ka zinthu lagona poyera pathabwapa.

KUSANKHA SIKELO

Musanagule kapena kudula chilichonse, sankhani sikelo. Ndi sikelo yomweyo imene timaphunzira pa mapu: kachifanizo kachepa kangati poyerekeza ndi chinthu chenichenicho. Zodziwika kwambiri ndi izi: HO, imene ndi 1:87, OO ya ku Britain, imene ndi 1:76, ndi N, imene ndi 1:160 m'maiko ambiri koma 1:148 ku Britain. HO ndi OO zonse zimayenda pa njanji ya mamilimita 16.5 pakati pa zitsulo ziwiri, pamene N imayenda pa mamilimita 9.

Apa pali chinthu chodabwitsa. Njanji yeniyeni ya ku Britain ndi maiko ambiri a ku Ulaya ndi mamilimita 1,435. Tikagawa ndi 87 tipeza 16.5, ndiye kuti HO ndi yolondola. Tikagawa ndi 76 tipeza pafupifupi 19, ndiye kuti tisitima ta OO timayenda pa njanji yopapatiza kuposa muyeso wake. Chifukwa chake n'chakuti mitu ya sitima za ku Britain inali yocheperapo, ndipo timainjini ta magetsi ta nthawi imeneyo sitinkakwana m'kati mwake pa 1:87. Opanga anakulitsa thupi n'kusiya njanji momwemo.

Njanji ya kuno ku Malawi, monganso yambiri ya ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, ndi mamilimita 1,067. Wofuna kufanizira sitima zathu molondola agawe 1,067 ndi 64, apeza pafupifupi 16.7. Kutanthauza kuti njanji ya mamilimita 16.5, imene imapezeka mosavuta kuposa zina, imayenerana ndi sikelo ya 1:64. Amisiri a ku New Zealand, kumene njanji ndi yofanana ndi yathu, amatsata njira imeneyi.

Sikelo ikasankhidwa isasinthidwenso. Pa 1:76 munthu wamtali mamita 1.7 amakhala mamilimita 22, ndipo chitseko cha mamita 2 chimakhala mamilimita 26. Chinthu chimodzi chokha chikakula kuposa anzake, diso limaona msanga ndipo chifanizo chonse chimasanduka chidole.

YEZANI MUSANADULE

Kutalika kwa thabwa kumachokera ku mabogi anu, osati ku maganizo. Tiyerekeze kuti bogi lanu, pamodzi ndi ngowe zake zokolera, ndi masentimita 9, mutu wa sitima ndi 12, ndipo mphambano ndi 17. Nthambi yaitali ifuna masentimita 45, zazifupi 27 iliyonse, tsinde 39. Tikaphatikiza tsinde, mphambano ndi nthambi yaitali tipeza 101. Otsalawo pa 120 ndi a mpata wofunika kwambiri: pamene njanji ziwiri zangopatukana kumene zimakhala zoyandikana, ndipo bogi loima pamenepo limakhulana ndi lodutsa. Pezani pamene mabogi awiri amadutsana osakhudzana, lembanipo chizindikiro, ndipo muyambire pamenepo kuyeza nthambi.

Chenjeraninso kuti nthambi isatalike kupyola muyeso. Ikalandira mabogi 4 m'malo mwa 3, kapena tsinde likalandira 4, masewera aphweka ndipo kukoma kwake kwatha. Mabogi a njanji zathu ndi aatali kuposa timabogi takale ta ku Britain ta mawilo anayi, choncho wofanizira athuwa atalikitse thabwa, apo ayi achepetse chiwerengero: nthambi za mabogi 3, 2 ndi 2, mabogi onse 5, sitima ya mabogi 3. Pamenepo masanjidwe ndi 60, okwanira ndithu kwa woyamba.

Jambulani zonsezi papepala lalikulu ngati thabwalo, muike mabogi pamwamba pake ndi kuwayendetsa ndi dzanja. Cholakwa cha papepala chimafufutika. Cha pathabwa chimadya ndalama. Mukakhutira, khomani felemu ya timatabwa ta masentimita 5 ndi 2.5, muikepo pulayiwudi wa mamilimita 9, ndi mitanda iwiri kapena itatu kunsi kuti asapindike. Thabwa likhale losapendekeka ngakhale pang'ono, chifukwa bogi losiyidwa pamalo otsetsereka limayenda lokha.

Njanji muyambe kuyala pa mphambano, kenaka tsinde ndi nthambi. Musamate kanthu musanayese. Yendetsani mutu ndi mabogi m'nthambi iliyonse kangapo, kukoka ndi kukankha komwe, pakuti bogi limagwa m'njanji kawirikawiri likamakankhidwa. Kumapeto kwa njanji iliyonse kukhale chotchinga. Zonse zikayenda bwino, sefani mchenga wa kumtsinje, muuwaze pakati pa mitanda ya njanji ndi kuudonthezera guluu woyera wa akalipentala wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, ndi kadontho ka sopo wamadzi kuti alowerere. Guluuyo asafike pa tizitsulo toyenda ta mphambano.

Za magetsi, tisitima tambiri totere timayenda ndi mphamvu yosapitirira mavoti 12. Waya mmodzi amapita ku chitsulo chimodzi cha njanji, wina ku chinzake, ndipo onse alumikizidwe ku tsinde, mphambano isanayambe. Mukasinthanitsa mawayawo mutu umabwerera m'mbuyo. Magetsi a m'nyumba, a mavoti 230, asalumikizidwe ku njanji mwachindunji ngakhale tsiku limodzi, pakuti amapha. Pakati pakhale chochepetsera mphamvu chopangidwira ntchitoyo, apo ayi gwiritsani mabatire. Mutu ukamaima-ima, musafulumire kuumasula: kawirikawiri vuto limakhala fumbi pa njanji kapena pa mawilo.

FAKITALE NDIYO IPATSA BOGI CHIFUKWA

Tsono tafika pa mtima wa nkhani. Njanji siinamangidwe kuti sitima zizingoyendayenda. Inamangidwa kuti inyamule katundu. Ya kuno kwathu inafika ku Blantyre mu 1908, inalumikizidwa ndi doko la Nacala kudzera ku Nayuchi mu 1970, ndipo inafika ku Lilongwe mu 1979. Aliyense woyenda ku Limbe kapena ku Kanengo aona kuti nyumba zosungiramo katundu ndi mathanki a mafuta zinamangidwa mofungatira njanji. Kanjanji kanu nako kakhale ndi chifukwa chotere, kuti bogi lililonse lidziwike chimene ladzera.

Sankhani ntchito imodzi ndi kuifunsa mafunso atatu: chimalowa n'chiyani, chimatuluka n'chiyani, ndipo chimanyamulidwa m'bogi lotani? Nyumba ya feteleza imalandira mabogi otseka odzaza ndi kuwabweza opanda kanthu. Malo a mafuta amalandira mabogi a mathanki. Nyumba ya fodya imaitanitsa mabogi opanda kanthu ndi kuwatulutsa odzaza mabelo. Fakitale ya simenti imalandira malasha m'mabogi osatseka pamwamba ndi kutulutsa matumba m'mabogi otseka. Nthambi yaitali ikhale yosanjiramo sitima yonyamuka, yachiwiri idutse pa makomo a nyumba ya katundu, yachitatu ithere pa thanki kapena pa mulu wa malasha.

Mukatero mwapeza masewera achiwiri pathabwa lomwelo. Lembani timakadi toimira makalata a katundu: lakuti likatulidwe pa khomo loyamba, lakuti pa thanki, lakuti lichoke chifukwa latsitsidwa kale. Bogi la mafuta silingaime pa khomo la fodya, ndipo limene likutsitsidwabe mukalisuntha muyenera kulibwezera pamalo pake. Umu ndi momwe anthu a njanji amagwirira ntchito tsiku ndi tsiku.

Nyumba zenizeni ndi zazikulu: ya mamita 30 pa sikelo ya 1:76 imafuna masentimita 39. Pathabwa la masentimita 30 m'lifupi yonseyo singakwane, choncho amisiri amamanga khoma lakumaso lokha, lonenepa masentimita awiri kapena atatu, n'kulitsamiritsa kumbuyo kwa thabwa. Diso limakhulupirira kuti nyumbayo ikupitirira. Zipangizo zake sizifuna sitolo ya kunja. Makoma adulidwe ku katoni yolimba. Malata apangidwe ndi pepala la siliva lolembedwa mizere ndi msomali. Thanki ichokere ku kachitini kapena chidutswa cha paipi. Mabelo akhale timatabwa tokutidwa ndi nsalu yopyapyala.

Chotsiriza ndi utoto. Malo a ntchito sakhala owala. Kayang'aneni enieniwo, muli kunja kwa mpanda, osaponda njanji ndiponso mutapempha chilolezo ngati mufuna kujambula. Muona dzimbiri lotsika pa malata, mafuta akuda pakati pa zitsulo, udzu womera m'njanji yosayendamo kawirikawiri, fumbi loyera pamene amatsitsira matumba. Dothi lakatondo losefa, phulusa ndi fumbi la makala zopaka ndi kaburashi kouma zimapereka maonekedwe amenewa kuposa penti wogula.

KUTHAMANGA SIKUFIKA

Woyamba kumene amafuna kuti sitima yake ithamange. Koma mutu weniweni woyenda makilomita 8 pa ola umatha mamita opitirira pang'ono 2 pa sekondi, ndipo pa sikelo ya 1:76 amenewo ndi masentimita 3 okha pa sekondi. Yendetsani chotero, muime kaye musanakole bogi, muimenso musanabwerere m'mbuyo, monga achitira woyendetsa weniweni podikira chizindikiro cha mnzake wapansi. Pomasula mabogi, ngowe za tisitima ta ku Britain zimatukulidwa ndi kawaya kopinda, pamene za kampani ya Kadee ya ku America zimamasuka ndi maginito oikidwa pa njanji. Kupambana kuwerengedwe ndi kuchepa kwa maulendo a mutu, osati ndi liwiro.

KWA AMENE THUMBA SILILOLA

Tisabise mawu: njanji ndi tisitima ta makampani monga Peco ndi Hornby a ku England n'zoitanitsa kunja, ndipo mtengo wake ndi wolemetsa kwa munthu amene sanayambe kulandira malipiro. Koma nzeru ya masewerawa siili m'magetsi. Njanji ikhoza kukhala timizere tiwiri ta nsungwi tomatidwa pathabwa, mabogi n'kukhala timatabwa totsetsereka pakati pake, ngowe n'kukhala waya. Mnyamata amene anapindapo galimoto ya mawaya ali ndi manja okwanira ntchitoyi. Ngakhale choko pansi ndi mabokosi 8 a machesi n'zokwanira kuyambira, malinga malamulo asungidwe: asanu, atatu, atatu, ndipo tsinde lisapyole atatu.

Kwa inu aphunzitsi, thabwa limodzi lotere likhoza kutumikira makalasi angapo. Ena ayeze ndi kuwerengera sikelo, ena apale ndi kukhoma, ena alumikize mawaya, ena afufuze kumene feteleza ndi mafuta zimachokera ndi njira imene zimadzera. Pomaliza muwagawe awiriawiri, wina woyendetsa mutu, wina wotembenuza mphambano ndi kupereka zizindikiro, ndipo gulu lililonse liyambe lalemba maulendo ake papepala lisanagwire bogi. Mudzaona kuti mwana wina amene amakhala chete m'kalasi ndiye amaona njira anzake asanaione.

Kwa inu achinyamata amene mwalemba mayeso ndipo mukudikira zotsatira kapena ntchito, miyezi ya kudikira ndi yoopsa, chifukwa mutu wosagwiritsidwa ntchito umachita dzimbiri monga khasu losiyidwa pamvula. Kanjanji aka sikadzakulembani ntchito, koma kadzakuzolowezani zinthu zimene kalipentala, makaniko, wosunga katundu ndi woyendetsa sitima amakhalira nazo moyo: kuyeza musanadule, kuyesa musanamate, kuwerenga mapeto musanasunthe kanthu, ndi kutsiriza chimene mwayamba. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Yambani ndi pepala, lula ndi mabokosi a machesi sabata ino.

M'chigawo chotsatira tidzafotokoza kapangidwe ka bogi lotseka pogwiritsa ntchito katoni ndi timatabwa, pamodzi ndi miyeso yake yonse.